Penti pa Phewa la Khansala

Tauniyo inali ya msewu umodzi, ndipo msewuwo unkathera pa geti lolowera kunkhalango ya nyama. Mabasi a alendo ankaima kaye pamenepo, madalaivala n'kulowa mu ofesi kukadula ziphaso, alendo n'kutsika kudzawongola miyendo. Tsidya la ngalande, pansi pa mitengo, panali mabenchi a malonda: la mtedza, la ziboliboli, la madzi ozizira, ndi benchi loyamba kuchokera kugeti, la Mayi Nthochi. Dzina lawo lenileni linatsala pa chitupa. Ngakhale kutchalitchi, mlembi akafuna kuwaitana ankayamba wakhosomola kaye kuti alikumbukire.

Nthochi za mayiwa sizinkadyedwa ndi anthu ayi. Mlendo ankagula phava kuti apatse anyani, mnzake akumujambula. Chikwangwani choletsa kudyetsa nyama chinalipo ndithu, chachikulu bwino, ndipo anyaniwo ankakonda kukhala pamwamba pake akamasenda nthochi zawo.

Mkulu wa anyaniwo anali Khansala, chinyani chachimuna, chamapewa ngati munthu wonyamula matumba kudepoti. Dzinali anamupatsa ndi amayi a pamabenchi, ati chifukwa ankaoneka pokhapokha pakakhala chakudya ndi makamera, zikatha osamuonanso mpaka basi ina. Khansala weniweni wa deralo atamva anakwiya, koma anazolowera, poti mnzakeyo ndiye ankadziwika kwambiri. Anyani ena ankatsomphola nthochi n'kuthawa nayo. Khansala ayi. Iye ankakhala kumapeto kwa benchi la Mayi Nthochi, kulandira ndi dzanja limodzi, kusenda mosapupuluma, uku akuyang'ana mu kamera ngati munthu amene analipira yekha chithunzicho. N'chifukwa chake basi ikatsitsa anthu, onse ankathamangira pa benchi loyamba, ndipo enawo ankagulitsa mtedza ndi ziboliboli kwa anthu odikira pamzere.

Anthu a kumtunda, omwe analibe benchi pamsewu, ankamuona mwina. Kwa iwo Khansala anali mbava yothyola mawindo a kuchipatala, yotsegula mipopi n'kuisiya ikutayika, yolowa m'khitchini ya kusukulu ana akuona. Chaka china analuma dzanja la mayi wosesa kuchipatala mpaka kumusoka. A gemu, ndiye kuti alonda a nyama aja, anabwera, anaona dzanjalo, anapepesa, n'kubwerera. Nkhani inathera pomwepo.

Mayi Nthochi anali ndi mwana mmodzi yemwe anatsala pakhomo, mzime wawo, ndipo aliyense ankangomuti Mzime. Akuluakulu ake anali atabalalikira m'mizinda. Iye anakulira pansi pa benchi lomwelo, akulemba ntchito ya kusukulu pa katoni ya nthochi, moti anthu ankaseka kuti sukulu yake anamulipirira ndi Khansala. Sikunali kunama kwenikweni. Atamaliza sukulu anakhala pakhomo zaka zingapo, akudzuka mochedwa, akuyenda ndi satifiketi mu envelopu mpaka inayamba kuthetheka m'mbali. Kenako a gemu anamutenga. Anali asanamulembe ntchito yokhazikika, anali pa miyezi yomuyesa, koma yunifolomu anali atavala kale, ndipo mayi ake akamuona akudutsa pageti ankasiya kasitomala ali chiimire. Chinthu chimene ankachiopa kuposa matenda chinali kumuonanso mwanayo atakhala pakhonde masana, akuyang'ana nkhuku.

Tsoka linabwera ndi mlendo wina wamkazi wa chipewa chachikulu. Iye anafuna kanema wotalikirapo, ndiye anaonetsa Khansala nthochi n'kuibisa kumbuyo, kuionetsanso n'kuibisanso. Mayi Nthochi anamuchenjeza ndi manja, koma mlendoyo anayesa akumupatsa moni. Ulendo wachitatu Khansala sanadikire. Anagwira mkono womwe unabisa nthochiwo n'kuikapo mano. Bala lake silinafike n'komwe pa la mayi wosesa uja, koma anzake a mlendoyo anajambula zonse, ndipo dzuwa lisanalowe mwini loji yogona alendo ya m'nkhalangomo anali ataimba kale foni kulikulu la a gemu.

Madzulo ake Mzime anafika pakhomo, anakhala pampando wa pakhonde n'kuyamba kumasula zingwe za jombo pang'onopang'ono. Mayi ake anali kusanja nthochi za mawa mu lichero.

"Amayi, Khansala wagamulidwa," anatero.

"Wagamulidwa chiyani?"

"Aphedwa."

Mayi Nthochi anapitiriza kusanja. "Pamene analuma mayi wa kuchipatala uja sanagamulidwe bwanji? Kapena magazi a mzimayi uja anali madzi?"

"Zimenezo kafunseni kulikulu. Ine ndikungokuuzani." Anavula jombo imodzi n'kuiimika pambali. "Ife a pano sitiloledwa kupha nyama. Kubwera mkulu wa mfuti wochokera komweko. Iyeyo anyani athuwa sawadziwa, kwa iye onse ndi nkhope imodzi. Ndiye lamulo limati nyani wolakwayo ayambe waikidwa chizindikiro cha penti, mkuluyo akafika angoyang'ana wapentiyo. Ntchito yoika chizindikiroyo abwana apatsa ine."

"Anzako onse aja atha? Bwanji iwe?"

"Ati ndinakula naye limodzi, sindingamusokoneze ndi wina." Anaseka pang'ono, koma kuseka kwake sikunafike patali. "Atinso pamenepa ndi pamene aonere ngati ndili wa gemu kapena wa pamabenchi. Zikayenda bwino andilemba yokhazikika. Zikalakwika, ndibweze yunifolomu."

"Nanga benchi langa?"

"Anyani ndi ambiri, amayi."

"Anyani ndi ambiri, Khansala ndi mmodzi. Enawo ndi akuba chabe, mlendo sangajambule fumbi."

Mzime anavula jombo inayo n'kupempha kuti mawa amuthandize kumukhazika Khansala malo amodzi, chifukwa nyaniyo sankakhala modekha pa benchi la wina aliyense koma lawo. Mayi ake anavomera. Akanakana bwanji?

M'mawa mwake, mabasi asanayambe kufika, anyani anatsika kuphiri monga mwa masiku onse, akudutsa kuseri kwa zimbudzi za pamsika. Bwana wa gemu, munthu wamfupi wosakonda kubwereza mawu, anaima pageti manja ali kumbuyo. Mzime anagwada kuseri kwa benchi la ziboliboli ndi kamfuti koponya timipira ta penti. Mayi Nthochi anasankha nthochi yakupsa bwino, yopanda banga, n'kuitambasula. Khansala anabwera, anakhala pamalo pake, anatambasula dzanja. Kamfuti kanalira kuti phwa, ndipo paphewa lake lamanja panaphulika chibanga chofiira chonga chikhatho cha munthu.

Nyaniyo analumphira pachikwangwani akukuwa. Anagwira paphewapo, ananunkhiza zala, anayang'ana uku ndi uku. Ataona kuti sanafe, anatsika n'kudzatenga nthochi yake. Bwana wa gemu anagwedeza mutu kamodzi n'kulowa mu ofesi. Mzime anayang'ana mayi ake ali ndi nkhope ya mwana amene wakhoza mayeso, ndipo iwo anamumwetulira. Anakondwa ndithu. Anamvanso chisoni, ndipo zonse ziwirizi zinakhala mumtima mwawo popanda china kugonja.

Mkulu wa mfuti anati abwera kumapeto kwa sabata, galimoto ikapezeka mafuta. Masiku odikirawo malonda anayenda ngati kale, alendo akufunsa ngati chofiiracho chinali magazi. Pamabenchi nkhani inali imodzi. Wa ziboliboli ankati Khansala akafa iye asamukira kutauni ina. Wa madzi ozizira ankati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndiye aone ngati mkuluyo adzaombere pakati pa alendo. Benchi la mtedza linali la mlamu wawo wa Mayi Nthochi, mkazi wa mchimwene wawo, mayi wa pakamwa posatseka. Iyeyo ndiye anaona kuti mnzakeyo wasiya kulankhula.

"Alamu, mwakhala ngati mwameza ndowe ya nyani. Mukulira uti, mwana kapena Khansala?"

"Palibe amene wafa."

"Ndiye sankhani mmodzi msanga. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

"Inu gulitsani mtedza wanuwo."

Tsiku lomwelo masana, Mayi Nthochi anaona chinthu. Nyani wina wamkazi anali kumutola nsabwe Khansala paphewa, ndipo atachoka, zala zake zinali zofiirira. Anapita kukakanda mwana wake, mwanayonso n'kutsala ndi kabanga pamutu. Mayiwa anayang'anitsitsa mpaka kasitomala anachita kuwagwedeza. Ngati penti imayenda yokha kuchoka pa nyani kupita pa nyani, ndiye kuti ikapezeka pa anyani ambiri palibe munthu amene angalozedwe chala. Mzime ntchito yake anaigwira, abwana ake akuona ndi maso awo. Mkulu wa mfuti adzafika, adzapeza ofiira ali mbwee, adzasowa woombera, adzabwerera. Mafuta a ulendo wachiwiri sadzapezeka msanga, mlendo uja adzakhala atafika kwawo, ndipo nkhani idzazizira monga zimazizirira nkhani zonse za m'tauni muno. Anaziganiza kuchokera kumutu mpaka kumchira, osapezapo polakwika. Nzeru ya munthu mmodzi imakhala choncho, siikhala ndi woitsutsa.

Kunyumba kunali kachitini ka penti yofiira yotsala pamene ankapaka chitseko. Anatenga chigubu chakale cha mafuta ophikira n'kuchidula kukamwa, mpata wongokwana mkono. Kenako anapita kwa mlamu wawo kukagula mtedza wamakoko wodzaza mbale.

"Mwayamba liti kudya mtedza, inu a mano atatu?"

"Ndithireni."

Mlamuyo anathira, maso ali pa kachitini komwe kanasuzumira m'chikwama. "Ine ndakugulitsani mtedza basi," anatero. "Kumene ukupita sindikudziwa, ndipo musandiuze."

Tsiku loti mkulu wa mfuti afika, Mayi Nthochi analawirira kutangoyera. Kuseri kwa zimbudzi, panjira ya anyani, anamangirira chigubucho kumtengo, anathira mtedza pansi pake, n'kupaka penti yambiri kuzungulira kukamwa kwake. Anakabisala pakona ya khoma. Anyani anafika, ananunkhiza, anakankhana. Woyamba analowetsa mkono mpaka paphewa, anatulutsa mtedza, n'kuchoka ali wofiira. Wachiwiri chimodzimodzi. Ena ankamenyana, n'kumapakana pamsana ndi pamutu. Mtedza utatha, mayiwa anamasula chigubu n'kukachiponya m'dzenje la zinyalala, anabwerera kunyumba, anatsuka manja ndi palafini kenako ndi sopo, n'kutereka madzi a tiyi.

Mzime anatuluka m'chipinda atavala kale yunifolomu, ataisita mpaka mizere yake kuoneka ngati ingacheke chala. Ananunkhiza.

"Mukununkha palafini m'nyumba muno."

"Ndimayatsira mbaula, makala anyowa."

Iye anayang'ana mbaula, anayang'ana manja a mayi ake omwe anali ofewa ndi otuwa ngati a munthu wochapa tsiku lonse. Anamwa tiyi wake ataimirira n'kunyamuka.

Mkulu wa mfuti anafika dzuwa litakwera, bambo wa imvi, wotopa ndi msewu, atanyamula mfuti m'thumba lalitali. A gemu anatchinga msewu chapatali ndi mgolo ndi chingwe, moti mabasi a alendo anandanda kumeneko akudikira. Anthu a kumtunda anatsika kudzaonerera, ndipo mayi wosesa kuchipatala uja anaima kutsogolo, tsache lake lili m'manja. Amalonda anauzidwa kuti aime kuseri kwa mabenchi awo. Mzime anamwaza chimanga pabwalo la pageti n'kubwerera pambali pa abwana ake.

Anyani anatuluka m'mitengo. Woyamba anali wofiira paphewa. Mkulu wa mfuti anayamba kukweza mfuti, koma wachiwiri anatulukira, wofiiranso. Kenako wachitatu, wachinayi, aakazi, aamuna, ndi tiana tomwe. Khansala anafika pomalizira, mosathamanga, n'kukhala pakati pawo. Wina m'gulu la anthu anayamba kuseka, ndipo posakhalitsa msika wonse unali kugwa ndi phwete. Mayi wosesa yekha ndiye sanaseke.

"Ndi uyo, bwana," anatero Mzime akuloza. "Wamkuluyo, wa pakatiyo."

Mkulu wa mfuti anatsitsa mfuti yake. "Mwana iwe, ine ndinauzidwa kuti ndidzapeza nyani mmodzi wachizindikiro. Lamulo limandilola kuombera chizindikiro, osati chala chako. Ndikapha wolakwika, kukayankha kulikulu ndi ine." Anatembenukira kwa bwana wa gemu. "Mwandiyendetsa ulendo wonsewu kuti ndidzaone timu ya mpira?"

Anthu anasekanso. Mtima wa Mayi Nthochi unakhala pansi, poti mpaka pamenepa zinthu zinali kuyenda monga anaziganizira. Anadikira kuti wina anene zoti anyani amapakana okha, ndipo wa ziboliboli ananenadi, mokweza bwino.

Bwana wa gemu anayenda kupita pamene kanyani kena kanadzikhula pamtengo, anapaka chala pa khungwa, n'kununkhiza. Anatsata madontho ofiira mpaka kuseri kwa zimbudzi. Anakhalako kanthawi, ndipo pobwera anali atanyamula chigubu chija ndi nsonga ya ndodo, makoko a mtedza atamatirira kukamwa kwake. Anachiponya pakati pa bwalo. Kuseka kunatha. Mlamu wa mtedza uja anayamba kukonzakonza timapepala take tokulungira, maso ali pansi.

"Penti yathu ilibe fungo, ndipo imachoka ndi mvula," anatero bwanayo, osakweza mawu. "Iyi ndi penti ya chitseko. Anyani alibe zitseko." Anayang'ana mabenchi onse, limodzi limodzi. "A khonsolo akhala akundipempha malo ano kuti aikepo poimika magalimoto, ine ndikuwakaniza chifukwa cha ana anu. Ngati wachita izi ndi wa pamabenchi, mabenchi onse achoka lero, ndipo mwini chigubuyu akagona kupolisi." Kenako anatembenukira kwa Mzime. "Iwe unabadwira pamsika pano. Palibe chimene chingachitike pano iwe osachidziwa. Ndani?"

Mzime anayang'ana chigubucho. Chinali chigubu chomwe ankatungira madzi ali mwana, chogwirira chake chomangidwa ndi waya. Sanayang'ane kubenchi loyamba.

"Ndine, bwana."

"Wati bwanji?"

"Ndine. Ndinaona ngati chizindikiro chikufufutika, ndiye ndinaopa kuti mkuluyu afika chitatha. Ndinatchera chigubu kuti Khansala adzipakenso yekha. Sindinaganize kuti enawo alowetsanso manja."

Bodzalo linali losokedwa bwino, moti ena m'gulumo anayamba kung'ung'udza kuti ana a masiku ano sukulu imangowasokoneza mutu. Bwana wa gemu anamuyang'ana mnyamatayo nthawi yaitali. Sanali munthu wopusa.

"Ukudziwa chimene ukunena?"

"Ndikudziwa, bwana."

"Ukudziwa kuti ukatero wadzichotsa wekha?"

"Eya."

Bwanayo anatembenukiranso kumabenchi, ndipo ulendo uno maso ake anaima pa benchi loyamba. "Pali wina amene akufuna kuwonjezerapo mawu?"

Mawuwo Mayi Nthochi anali nawo. Anali aafupi, anafika mpaka pakhosi. Anaona mwana wawo ataima chilili m'yunifolomu yake yositidwa, khosi lake lowonda likutuluka mu kolala. Anaonanso wa madzi ozizira, yemwe anali ndi ana asanu, ndi mlamu wawo, ndi chitseko cha kupolisi. Anaganiza kuti ayambe ameza malovu kaye. Atameza anaganiza kuti mwina ndi bwino akalankhule ndi bwanayo paokha mu ofesi, osati pagulu chonchi. Akuganiza choncho, mkulu wa mfuti anatseka thumba lake n'kukalowa m'galimoto, ndipo a gemu a kumsewu aja, poona kuti zatha, anagubuduza mgolo n'kumasula chingwe.

"Chabwino," anatero bwana wa gemu. "Ukasiye katundu wa boma ku ofesi."

Mabasi onse anafika nthawi imodzi, akuliza mahutala. Alendo anatsika ataona kale pawindo anyani ofiira, ndipo anathamangira pa benchi loyamba makamera ali m'mwamba. Khansala anabwera n'kukhala pamalo pake. Dzanja la mlendo linatambasuka, ndipo manja a Mayi Nthochi, omwe anali atagwira ntchitoyi zaka zambiri, anathyola phava n'kupereka asanawauze. Linabwera dzanja lina, n'linanso. Pamene anadzutsa mutu, Mzime anali atalowa kale mu ofesi. Mayi wosesa uja anadutsa pafupi ndi benchi, analavula malovu m'ngalande, n'kubwerera kuntchito yake. Tsiku limenelo nthochi zinatha dzuwa lili pamutu, zomwe zinali zisanachitikepo.

Mayi Nthochi anafika kunyumba chakumadzulo, atazungulira njira yaitali. Anamupeza Mzime atakhala pakhonde, atavala malaya ake akale a mpira ndi patapata. Analowa m'nyumba, anapanga tiyi, anathira shuga wambiri monga ankamukondera, n'kumubweretsera. Iye analandira ndi manja awiri. Mayi ake anakhala pansi, chapatali pang'ono.

"Mawa ndipita kwa abwana ako," anatero. "Ndikawauza zonse."

"Musapite."

"Ndipita. Andimange ine."

"Abwana akudziwa kale, amayi. Anadziwa asanandifunse n'komwe. Malo anga apatsa kale wina, odikira ndi ambiri. Mukapita mukangotayitsa mabenchi a anthu, ine osabwererapo." Anauzira tiyi wake. "Zisiyeni."

Nkhuku zinali kulowa m'khola. Mayi Nthochi anakhala akupotokola nsonga ya nsalu yawo. Anachita manyazi kwambiri, manyazi oti sanawamvepo chibadwire, ndipo anafuna kuti mwanayo akalipe, aswe kapu, anene chilichonse choti iwo ayankhe.

"Ndinafuna kulankhula paja," anatero. "Mawu anali pakamwa. Ukhulupirire, mwanawe."

"Ndikukhulupirira."

"Ndikanalankhula, bwenzi pano uli pantchito."

"Ayi. Mukanalankhula ndikanakutsutsani pomwepo. Ndikanati amayiwa akungonditchinjiriza, musawamvere. Ndinali nditakonza kale mawu ake."

"Ndiye kukhala chete kwanga sikunasinthe kanthu?"

"Sikunasinthe kanthu," anatero Mzime. Anayang'ana mu kapu. "Kungoti nditamaliza kunama paja, ndinaima ndikudikira. Ndimafuna ndingomva mukunena."

Anadzuka, anatenga tiyi wake n'kukamwera kuseri kwa nyumba.